Momwe mungathandizire chimanga kudziteteza ku mbozi ndi kaufiti

Mbozi ikangoyamba kutafuna tsamba la chimanga, mbewuyo imapanga homoni (mankhwala achilengedwe opereka uthenga m'kati mwa mbewu) yotchedwa jasmonic acid. Homoniyi imachititsa masamba kupanga zinthu zosokoneza m'mimba mwa mbozi, komanso kutulutsa fungo loitana timavu ting'onoting'ono tomwe timaikira mazira m'thupi la mboziyo. Polimbana ndi matenda ambiri a mavairasi ndi mafangasi, chimanga chimagwiritsa ntchito homoni ina, salicylic acid. Mlimi sangapange mahomoniwa, koma angakonze munda kuti azigwira bwino ntchito.

Yambani ndi nthaka. Chimanga chikasowa chakudya, makamaka fosiforasi, mizu yake imatulutsa mahomoni ochuluka otchedwa strigolactones, ndipo ndi amenewa amadzutsa njere za kaufiti zomwe zakhala zitagona m'dothi zaka zambiri. N'chifukwa chake kaufiti amakonda minda yoguga. Thirani manyowa owola bwino musanabzale, ndipo feteleza wokulitsa asachedwe.

Chachiwiri, bzalani m'njira ya push-pull (kukankha ndi kukoka tizilombo), yomwe bungwe lofufuza za tizilombo la icipe la ku Kenya linayambitsa pamodzi ndi bungwe lofufuza za ulimi la Rothamsted Research la ku Britain. Pakati pa mizere ya chimanga fesani desmodium, mbewu yoyanga pansi ya m'gulu la nyemba, ndipo kuzungulira munda bzalani mizere itatu ya nsenjere. Fungo la desmodium limapirikitsa agulugufe oikira kapuchi, iwo n'kuthawira ku nsenjere. Timbozi tikaswa n'kuyamba kuboola phesi la nsenjere, udzuwo umatulutsa utomoni womata ndipo tambiri timafera momwemo. Pansi pa nthaka, mizu ya desmodium imapusitsa kaufiti kuti amere koma imamulepheretsa kukakamira ku mizu ya chimanga. Njirayi imachepetsanso ntchemberezandonda za mtundu wa fall armyworm, zomwe zinafika mu Africa mu 2016.

Chaka choyamba n'cholemetsa, musanamizidwe. Desmodium amakula pang'onopang'ono, choncho zulani udzu ndi manja pafupi naye. Akakhazikika simubzalanso, muzingomudulira kuti asaphimbe chimanga chanthete, zodulazo n'kudyetsa mbuzi kapena ng'ombe.

Chomwe chimandipweteka n'kuona mlimi akupopera munda wonse atangoona mbozi ziwiri. Mankhwala opha chilichonse amaphanso timavu tomwe chimanga chaitana tija. M'malo mwake yenderani munda kawiri pa sabata, tembenuzani masamba, suzumirani m'nsonga momwe mbozi zimabisala ndi kusiya ndowe zonga utuchi, ndipo tswanyani mazira ndi timbozi ndi zala. Zikachuluka kwambiri, funsani alangizi a zaulimi mankhwala oyenera, ndipo muwalunjikitse m'nsongamo m'mamawa kapena madzulo.