Momwe mungadziwire ngati mwezi wa Jupiter kapena Saturn uli wa ayisi kapena wa miyala

Anthu ambiri akamva zoti Europa, umodzi mwa miyezi yozungulira Jupiter, ndi mwezi wa ayisi amangoganiza kuti ndi chibulumwa cha madzi oundana kuyambira kunja mpaka mkati, koma ayi ndithu. Ndipo simufunika kukhala wa ku NASA kuti mutsimikize, samu ya ku sekondale ija ikukwana, bola kalikuleta ya pafoni.

Chofunika ndi density basi, kulemera kwa chinthu poyerekeza ndi kukula kwake. Thumba la makala ndi thumba la mchenga atha kukhala ofanana kukula, koma wa kabaza ku Ndirande akangonyamula amadziwa kale chili mkatimo osamasula. Miyezi imeneyi timayipima chimodzimodzi. Sungani manambala atatu m'mutu: madzi ndi 1,000 kg pa cubic metre, ayisi ndi cha m'ma 920, miyala ndi cha m'ma 3,000 kupita mtsogolo.

Tiyambe ndi Europa. Radius yake ndi 1,561 km, musinthe kaye ikhale mamita apo ayi yankho lituluka lamisala, ndiye ndi 1,561,000. Volume ya mpira ndi 4/3 kuchulukitsa pi kuchulukitsa radius x radius x radius, mupeza cha m'ma 1.59 x 10^19 cubic metres. Kulemera kwake ndi 4.8 x 10^22 kg. Gawani kulemerako ndi volume ija, mupeza pafupifupi 3,010. Mwaona eti? Nambalayi ili kufupi ndi miyala, kutali ndi ayisi. Ndiye Europa kwenikweni ndi mwala, madzi ndi ayisi zangokuta pamwamba, mwina makilomita 100 kuya kwake.

Tsopano yesani nokha Enceladus wa ku Saturn, kamwezi kakang'ono ka radius 252 km, kolemera 1.08 x 10^20 kg. Mukapeza cha m'ma 1,610 mwakhoza. Ili pakatikati, kutanthauza kuti miyala ikuposa theka pang'ono pa kulemera kwake, kotsalako ndi madzi. Pa miyezi ina ya Jupiter, Ganymede amabwera pa 1,940, Callisto 1,830, Io 3,530 ndipo ameneyu alibe nazo ntchito za ayisi, ndi mapiri ophulika okhaokha. Wondisangalatsa ine ndi Tethys, wa ku Saturn yemweyo, 980 chabe, wopepuka kuposa madzi, ameneyo ndiye ayisi weniweni pafupifupi yense.

Mwina mukufunsa kuti kulemerako anakupima bwanji poti kulibe sikelo. Amaona momwe mweziwo ukukokera chombo chikamadutsa pafupi, njira yake ikakhota pang'ono samu imawauza.

Koma samalani apa, density siyikuuzani ngati madziwo ali oundana kapena ayi, chifukwa 920 ndi 1,000 zayandikana kwambiri. Pamenepa pamafunika umboni wina. Ku Europa chombo cha Galileo chinapima maginito cha kumapeto kwa zaka za m'ma 1990 n'kupeza kuti pansi pa ayisi pali china chake chodutsa magetsi, ndipo chomwe chikugwirizana bwino ndi zimenezo ndi nyanja ya madzi amchere. Ku Enceladus zinaphweka, mu 2005 chombo cha Cassini chinaona madzi akuthovoka m'ming'alu ya kum'mwera kwake, kenako chinadutsa momwemo n'kupeza nthunzi ya madzi, mchere, carbon dioxide, methane, ngakhale hydrogen. Nanga madzi osaundana amachokera kuti, pamwamba pa Europa pakuzizira cha m'ma -160°C ndipo ayisi wake ndi wolimba gwa? Jupiter amamufinya n'kumumasula nthawi zonse pamene akuzungulira m'masiku atatu ndi theka, kufinyako kumatenthetsa mkati.

Mukafuna kuwaona ndi maso anu, anayi a Jupiter aja, Io, Europa, Ganymede ndi Callisto, amaoneka ndi binoculars wamba ya 10x50. Ikani pulogalamu yoonetsa nyenyezi ya Stellarium pafoni ikuuzeni ngati Jupiter akutuluka usiku mwezi uno komanso mbali iti. Thawani magetsi a m'tauni ndi a ku Limbe, cha ku Chilomoni mmunsi mwa Michiru kuli bwinoko, ndipo usiku woti magetsi athima musadandaule, ndi mwayi wanu umenewo. Nyengo ya dzinja mitambo imasokoneza, cha mu Seputembala ndi Okutobala nako fumbi ndi utsi. Tsamiritsani zigongono pampanda kapena padenga la galimoto chifukwa manja akamanjenjemera simuona kanthu. Muona timadontho pamzere umodzi pambali pa Jupiter, tomwe Galileo Galilei anaona mu 1610, nthawi zina titatu chifukwa kena kabisala kuseri. Europa amavutako poti amakhala pafupi ndi kuwala kwa Jupiter, Ganymede ndi Callisto ndiye osavuta. Enceladus ndi Tethys iwalani, amafuna telesikopu yamphamvu.

Manambala a kukhuthala kwa ayisi wa Europa muwalembe ndi pensulo kaye, chifukwa chombo cha Europa Clipper chinanyamuka mu Okutobala 2024 ndipo chikafika ku Jupiter mu 2030 ndi radar yokapima zimenezo.