Musanatumize buku lanu kwa osindikiza

Ntchito yanga kuno ku Chipata ndi kutaipa zolemba za anthu. Ambiri amene amandibweretsera makope a nthano, ndakatulo kapena mbiri ya mpingo wawo amafuna kuti zituluke zooneka ngati buku la m'sitolo: zilembo zopindapinda, timaluwa m'mphepete, mitu yofiira. Ine ndimawachonderera kuti asatero. Kukongoletsa ndi ntchito ya osindikiza. Mkonzi amangofuna tsamba loyera, losatopetsa maso, lokhala ndi malo oti alembepo ndemanga zake.

Mu Microsoft Word sankhani pepala la A4, zilembo za Times New Roman, saizi 12, zakuda basi. Mizere italikirane kawiri, ndipo mbali zonse zinayi za tsamba musiye masentimita 2.5. Masamba achuluka ndithu, ndalama yopulinta ikweranso, koma mpata umenewo ndi umene mkonzi amadutsamo ndi cholembera. Ikani manambala a masamba, chifukwa mtolo wa mapepala ukagwa pansi palibe amene angausanjenso popanda manambalawo.

Mutu uliwonse uyambire pa tsamba lake. Musamenye Enter kambirimbiri kuti mufike patsamba lotsatira. Dinani Ctrl ndi Enter pamodzi. Mukapanda kutero, mkonzi akangochotsa ndime imodzi mitu yonse imasuntha, wina n'kupezeka pakati pa tsamba.

Patsamba loyamba lembani dzina la buku, dzina lanu, foni, imelo ndi chiwerengero cha mawu. Zokwanira.

Tsopano nkhani imene imandidetsa nkhawa kwambiri, kalembedwe. Ife tili pafupi ndi malire a Mwami, ndipo takula tikuwerenga mabuku a kuno ndi a ku Malawi omwe, choncho dzanja limasakaniza osadziwa. Kalembedwe kamene Unduna wa Zamaphunziro wa Zambia unavomereza mu 1977 kamalemba "cakudya" ndi "Cinyanja", pamene ku Malawi amalemba "chakudya". Onse ndi olondola kwawo. Vuto ndi tsamba limodzi lokhala ndi "cinthu" pamwamba, "chinthu" pansi, ndipo zotere ndimaziona pafupifupi m'kope lililonse, ngakhale la aphunzitsi. Ngati mukutumiza ku Zambia Educational Publishing House ku Lusaka, kapena mukufuna buku lanu lidzalowe m'masukulu a kuno, komwe mabuku amayamba awunikidwa ndi Curriculum Development Centre, tsatirani kalembedwe ka Zambia kuyambira tsamba loyamba mpaka lomaliza. Ngati osindikiza anu ali ku Lilongwe kapena Blantyre, tsatirani ka kumeneko. Chilembo cha ŵ nachonso chimodzimodzi: mukachilemba pamalo amodzi, chilembeni paliponse pamene chikuyenera. Mu Word taipani 0175, kenaka dinani Alt ndi X, chituluka.

Mukamaliza, pezani munthu wodziwa bwino chinenero, agogo kapena aphunzitsi opuma pantchito, muwawerengere mokweza. Pamene lilime lapunthwa, pamenepo pakufunika kukonza.

Magetsi amazima mosachenjeza, choncho sungani ntchito yanu pa fulashi, mudzitumizirenso pa imelo. Musanatumize, funsani osindikizawo ngati akufuna buku lonse kapena mitu yoyambirira ndi chidule cha nkhani, popeza aliyense ali ndi malamulo ake, ndipo awowo ndi amene muyenera kutsatira akasiyana ndi zimene ndalemba pano. Atumizireni fayilo ya Word imene angathe kukonzamo. Zithunzi za masamba zojambula pa foni n'kutumiza pa WhatsApp sangagwire nazo ntchito.