Lekani kudula Pride of India mu Meyi

Chaka chino ndaona zomvetsa chisoni m'mabwalo a nyumba zambiri kuno ku Johannesburg, kumene abale athu ochuluka amagwira ntchito yosamalira maluwa. Mitengo ya Pride of India yadulidwa mitu yonse mu Meyi, kwatsala zitsa zokhazokha zofika m'chifuwa. Akuti akukonza pabwalo poti masamba ayoyoka. Kukonza kwanji kumeneko?

Mtengowu kwawo ndi ku China ndi Korea, ndipo ukayoyola masamba umakhala uli m'tulo, chisanu umachipirira ndithu. Koma mukaudula kunja kusanazizire kwenikweni, mumaudzutsa. Umatulutsa mphukira zanthete, chisanu cha Juni ndi Julayi n'kuziwaula zonse. Mphamvu zomwe unasungira maluwa a Disembala zathera pomwepo. Pa zilonda zikuluzikulu za chikwanje pamatupa mfundo zonyansa, pamamera tinthambi tambirimbiri towonda, tolephera kunyamula maluwa mvula ikawanyowetsa, basi tonse zyoli. Ndipo khungwa losalala lija, lofundudzuka lokha, lomwe limakongoletsa mtengowu ulibe masamba, mwalitaya pamodzi ndi nthambi.

Bambo wina wa ku Ntcheu, amene amasamalira munda wa maluwa ku Randburg, anandiuza kuti amadula chonchi chifukwa kumudzi ankatero ndi mitengo ya mpanda, ndipo abwana sanadandaulepo. Chaka chatha mtengo umodzi utachedwa kuphuka, anauzula poganiza kuti wafa, n'kupeza mizu ili yamoyo. M'malo ozizira mtengowu umachedwa kuphuka kuposa inzake, nthawi zina mpaka Okutobala. Kandani khungwa ndi chikhadabo: mukaona zobiriwira, usiyeni. Zoti "timatero kuyambira kale" ine zanditopetsa.

Dikirani kumapeto kwa Ogasiti chisanu chitatha. Maluwa amabwera pa nthambi za chaka chomwecho, choncho simutaya kanthu. Chotsani zouma, zokhulana, ndi mphukira za m'tsinde, musiye mathunthu atatu kapena asanu. Nthambi yonenepa kuposa chala musaidule pakati. Feteleza lekani mu Malichi. Mitengo yaing'ono iphimbireni udzu patsinde. Yobzala kumene ikhale padzuwa la maola 6 kapena kuposerapo, chifukwa pamthunzi masamba amagwidwa ndi nkhungu yoyera ngati ufa. A ku Dedza, chisanu cha m'madambo mwanumo chimachitanso zomwezi.