Mmene Mungayesere Luso Lomenya Mpira mwa Osewera Achichepere

Poyesa ana a zaka 8 mpaka 12, gwiritsani ntchito mpira wa saizi 4, chifukwa wa saizi 5 umawalemera ndipo umasokoneza kamenyedwe kawo. Akatenthetsa thupi, gawani golo m'zigawo ndi zingwe, muike mpira pa mtunda wa mamita 11, kenako mwana aliyense amenye kasanu ndi mwendo wamanja, kasanunso ndi wamanzere, inu mukulemba pamene walasa.

Musatengeke ndi mphamvu yokha. Onetsetsani ngati phazi loponda laima pambali pa mpira, zala zake zitaloza kumene mpirawo ukulowera, ndiponso ngati bondo la mwendo womenyera lili pamwamba pa mpira, pakuti mwana akapendekera kumbuyo mpira umadutsa pamwamba pa golo. Bwerezani mayesowa pakatha miyezi itatu, pabwalo lomwelo.