Kusankha injini ndi penti pa Mercedes E-Class yakale

Mwafunsa za injini ndi penti pa E-Class ya W212, yomwe inkapangidwa kuyambira 2009 mpaka 2016.

Choyamba yang'anani m'thumba. E350 ya injini ya V6 (ya masilinda sikisi), malita 3.5, imakoka bwino koma imamwa petulo, ndipo msonkho wa MRA umakwera injini ikakula. Ine ndingatenge E250 CDI ya dizilo, malita 2.1, makamaka ngati mumayendayenda pakati pa Lilongwe ndi Blantyre.

Kenako, musanagule, ilizeni galimotoyo m'mawa injini isanatenthe. Mukamva tcheni cha mkati mwa injini chikuchita phokoso, isiyeni.

Penti ndiye womaliza. Yakuda imakongola ikangotsukidwa basi; fumbi la Okutobala limaonekera tsiku lomwelo, mkati mukuotcha ngati uvuni. Tengani yasiliva. Muiyang'ane padzuwa: chitseko chimodzi chikasiyana mtundu ndi zinzake, mwina inachitapo ngozi.