Foni idikire kaye, yambani ndi pemphero ndi kope

Anzanga amene mumadzuka mutu uli wolemera, kuganiza za renti ndi ndalama ya basi musanasukusule nkomwe, tayesani izi.

Usiku foni muziisiya patali, osati pansi pa pilo. Mukadzuka, ine ndimadzuka 5 koloko anthu a pa yadi asanayambe phokoso pampopi, pempherani kaye kenako werengani chaputala chimodzi cha buku la Miyambo m'Baibulo. Machaputala ake alipo 31, ndiye deti la tsikulo ndi lomwe likuuzeni powerenga, palibe zofufuzafufuza.

Mukatha tengani kope wamba, la ana asukulu lomweli, mulembe zinthu zitatu basi: vesi lomwe lakukhudzani, chomwe chikukudetsani nkhawa, ndi ntchito imodzi yoti isagone lero. Mphindi 15 zakwana, olo magetsi athime kandulo ilipo.

Nkhawa ikakhala m'mutu imangozungulirazungulira koma mukaiona papepala imachepa, zina mpaka mumadziseka nokha. Ine masiku ano ndimakwera minibasi ya ku Chawama, komboni ya mu Lusaka, mtima uli m'malo, kondakitala akachedwetsa chenji sindikalipanso. WhatsApp ndimatsegula tikafika pa Kafue Roundabout.