Musanalipire chikwama chimene mwaona pa TikTok

Mukaona munthu wotchuka pa TikTok kapena Instagram akuonetsa chikwama cha Louis Vuitton n'kunena kuti "ndilembereni, ndili nacho chotchipa", imani kaye. A kampani ya Louis Vuitton, omwe amapanga zikwama zodulazi, satsitsa mitengo, ndipo zikwama zatsopano amagulitsa m'masitolo awo okha, ngati ya ku Sandton City ku Johannesburg, ndi pa webusaiti yawo.

Akakuonetsani kakhadi kotsimikizira kuti chikwamacho n'chenicheni, mpamene muyenera kukayikira kwambiri, chifukwa kampaniyi sipereka kakhadi kotere. Kuyambira 2021 imabisa kachipangizo kakang'ono kozindikiritsa mkati mwa chikwama. Opanga zikwama zabodza amapanganso malisiti ndi mabokosi abodza, musakomedwe nawo.

Chigwireni m'manja musanatumize ndalama. Nunkhizani mkati, fungo la guluu kapena pulasitiki likakulandirani, chisiyeni. Kokani zipi kangapo muone ngati ikukodwa. Yang'anitsitsani ulusi, makamaka pamene chogwirira chalumikizana ndi chikwama, chifukwa opanga zabodza amathamangira pamenepa. Pa zikwama zambiri, chikopa cha zogwirira zenizeni chimayamba chotuwa n'kumadera pang'onopang'ono ngati uchi, pamene chabodza kawirikawiri chimangosupuka.

Kutchuka kwa wotsatsa si umboni. Mu 2020 Amazon, kampani yogulitsa katundu pa intaneti, inasumira anthu awiri otchuka pa intaneti chifukwa chotsatsa katundu wabodza. Chimandiwawa ine n'kuona mtsikana wasunga ndalama miyezi yambiri, mwina za chipereganyu, n'kuzipereka chifukwa chokhulupirira nkhope imene amaiona pafoni tsiku lililonse. Wogulitsa akakana kuti muchione kaye, ndalama zanu zibwerere m'thumba.